Onse Amagwera Kunyumba

Pa saiti ya zomangamanga imene Wilmer Chimbo ankagwirapo ntchito, ku Long Island City, munthu sankagwa. Nyumba inali itafika pansanjika ya khumi ndi chinayi, amuna makumi anayi akukwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku atasenza mabuloko, koma ngozi ayi, inkawadikira kunyumba. Wina anathyoka nthiti akusintha babu pabalaza. Wina anadzidula chala akusenda mbatata. Mkulu wina wa ku Azogues, a Tenesaca, anapunthwa pa galu n'kuthyoka mwendo, chonsecho galu sanawetepo chibadwire. Akazi a ku Corona, dera limene antchitowa ankakhala, akakumana potuluka m'tchalitchi ankangofunsana kuti, "Kwanu agwa kale?" ngati akufunsana za chikuku.

Gwero la zonsezi linali chikwangwani cha pageti. Chinkanena masiku amene apita popanda ngozi, ndipo m'mawa uliwonse nambala inkakwera ndi imodzi. Kampani inalonjeza kuti ikadzafika pa 365 kudzakhala nkhumba ziwiri zootcha, tsiku lopuma lolipidwa, ndi jekete yanthawi yozizira ya aliyense, dzina lake litasokedwa pachifuwa. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, kufera jekete. Koma musawaseke msanga, pakuti ambiri mwa iwo dzina lawo lenileni linali lisanalembedwepo pena paliponse m'dziko muno.

Wosintha nambalayo anali Aníbal, mchimwene wake wa Narcisa, mkazi wa Wilmer. Ntchito imeneyi ankaigwira ndi ulemu wa munthu woyatsa makandulo paguwa, ndipo ukamulankhula akusintha nambala sankayankha.

Lachinayi lina, chikwangwani chili pa 330, Narcisa anabwera kuchokera ku Manhattan kumene ankakolopa nyumba za anthu olemera, n'kupeza mwamuna wake ali khale pampando dzuwa likadali m'mwamba. Dzanja lamanja analikoleka pa nsalu yomangirira m'khosi. Koma maso a Narcisa anayambira kumapazi. Wilmer anali atavala mapatapata aubweya, apinki, okhala ndi duwa pamwamba.

"Bambo a Yadira, majombo anu ali kuti?"

"Ali m'galimoto ya akapitawo."

"Nanga awa ndi a yani? Mwini wake ali ndi dzina?"

"Musayambe, mayi. Ndi a kampani."

"Kampani yake iti yovala mapatapata amaluwa?"

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono, ngati munga wa m'phazi. Thabwa la pansanja linali losakhomera. Wilmer analiponda atasenza buloko, thabwa linapendekeka, iye n'kugwera pansanjika ya m'munsi, phewa kutsogolo. Kapitawo, a Brendan, anamukweza m'galimoto yawo. Pansi pa mpando wa galimotoyo pankakhala malaya oyera ndi mapatapata amenewa, kuti wovulala azifika kuchipatala akuoneka ngati munthu wochokera pabalaza pake. Mapatapatawo anali atavalidwa ndi mapazi ambiri. A Brendan anamutula pakachipatala kena kutali ndi saiti, n'kumuuza kuti akanene kuti wagwa kunyumba, malipiro ake sadulidwa.

Narcisa anatenga pepala lakuchipatala lija. Chingerezi chake chinali cha m'makhitchini a anthu, koma chinakwanira. Pepala linati wodwalayo anaterereka pa madzi amene anali pansi m'bafa kunyumba kwake.

Anawerenganso kachiwiri, n'kukhala pansi.

"M'bafa mwanga. Madzi pansi."

"Ndinangonena chimene chinabwera m'mutu."

"Ine amene ndimakolopa mabafa asanu ndi awiri pa sabata, mabwana akumajambula zithunzi kutumizira anzawo. Pa mabodza onse a m'dziko lapansi mwasankha limeneli. Bwanji osanena galu?"

"Galu anatenga kale a Tenesaca."

Narcisa anafuna kuseka ndi kumugenda ndi patapata nthawi imodzi. Anasankha kumuphikira msuzi wa nkhuku, koma mbale anaiika patebulo mwamphamvu kuti uthenga ufike.

M'mawa mwake Wilmer anapita kuntchito, chifukwa munthu wovulalira kunyumba amene akubwerabe kuntchito saononga chikwangwani. Anamuika m'kontena kuti azigawa magolovesi ndi kusesa ndi dzanja lamanzere. Patapita masiku angapo a Brendan anayamba kumapempha timathandizo: tatengako ndowa iyi, yopepuka, tagwirako chitsulo ichi, kamphindi chabe. Wilmer sankakana. Munthu wa kwawo ku Cañar kunena kuti chinthu chamulemera, ndi bwino afe.

Kunyumba n'kumene choonadi chinkavula malaya. Mkono sunkakwera kupitirira lamba. Narcisa ndiye ankamuveka malaya m'mawa, kumumanga zingwe za majombo, kumupesa. Poyamba ankamuseka kuti wapeza mwana wachiwiri wopanda kubereka. Pofika sabata yachitatu nthabwala inali itatha yokha, chifukwa mkono wamanja unayamba kuonda poyerekeza ndi unzake.

Anamukokera kuchipatala chachikulu. Atamuunika, dokotala anati mtsempha wa paphewa unang'ambika, ndipo popanda opaleshoni mkonowo sudzakweranso. Kenako anawatumiza kwa mayi wa pawindo, amene anafunsa za inshulansi. Analibe. Mayiyo anayang'ana pepala loyamba lija n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Mukanagwera kuntchito bwenzi inshulansi ya kampani italipira zonse. Koma poti ndi m'bafa..."

Sabata yomweyo a Brendan anamuuza Wilmer, momusisita pamsana, kuti akapume kaye kunyumba mpaka atapeza mphamvu. Za malipiro osadulidwa zija sanazitchulenso.

Apa Narcisa anachita mantha, mantha enieni. Mkono umenewo ndi umene unkawadyetsa chichokereni kwawo, umene unkalipirira Yadira mabuku, umene unamanga theka la nyumba ya amayi ake ku Cañar. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Loweruka m'mawa anamuveka mwamuna wake malaya a kutchalitchi n'kumutengera kwa loya.

Ofesi ya mayi Batista inali pamsewu wa Roosevelt, pamwamba pa bekale, moyang'anizana ndi njanji. Sitima ikamadutsa mawindo ankanjenjemera ndipo aliyense ankasiyira mawu pakati mpaka itapita. Mayi Batista, mzimayi wonenepa wa ku Santo Domingo, anayang'ana mkono wa Wilmer, anayang'ana zikhatho zake zokakala ndi simenti, n'kufunsa asanapatsidwe ndi moni womwe:

"Awa anagwa m'bafa kapena pamasitepe?"

"M'bafa," anatero Narcisa. "Mwanga."

"Pepani mayi. Chaka chino mabafa avuta kwambiri."

Atamva nkhani yonse anaifotokoza mosazungulira. Munthu akavulala pa ntchito, inshulansi ya kampani imalipira chipatala ndi gawo la malipiro ake pamene sakugwira ntchito, ndipo phewa likapanda kubwerera mwakale pamakhalanso chipukutamisozi. Safunsa kuti wolakwa ndani.

"Nanga mapepala okhalira m'dziko muno?" anafunsa Wilmer chapansipansi. "Ine anga ndi aja..."

"Thabwa linakufunsani mapepala pogwa? Lamulonso silifunsa. Ndipo poti munagwa kuchokera pamwamba, pali mlandu wina umene tingathe kusumira eni nyumbayo ndi kontilakita wamkulu, chifukwa nsanja yotetezeka ndi udindo wawo. Koma umenewo ndi wa mawa. Za lero ndi izi..."

Sitima inadutsa. Onse anadikira, mayi Batista chala chili m'mwamba.

"Za lero ndi izi. Kampani iyenera kulandira kalata yoti munavulalira pa ntchito asanathe masiku makumi atatu. Mwatsala ndi asanu ndi awiri. Mukachedwa, ndi pepala ili lonena za bafa, nkhani idzavuta kwambiri."

Wilmer anawerenga zala za dzanja lamanzere, n'kubwerezanso. Phwando linali litatsala masiku khumi ndi awiri.

"Kodi sitingadikire pang'ono chabe, nkhumba zidyedwe kaye?"

Mayi Batista anavula magalasi n'kuyang'ana Narcisa.

"Munawapeza kuti?"

"Kwathu onse ndi otere. Pitirizani."

"Chachiwiri, ndikufuna mboni. Pepala la dokotala likutitsutsa, ndiye pakufunika munthu amene anaona ndi maso. Analipo?"

Wilmer anayamba kuyang'ana matailosi a pansi ngati akufuna kuwagula. Narcisa anamugunda ndi bondo.

"Alamu analipo," anatero. "Ndi amene anandivula majombo."

Zimenezi zinamupweteka Narcisa kuposa za bafa zija. Aníbal anamulera yekha bambo awo atamwalira, ndiye anamulipirira ulendo wobwera kuno, ndiye anaima pambali pake pa ukwati. Masabata atatu onsewa ankabwera kudzamwa khofi, n'kumafunsa nkhope ili gwa kuti kodi agula kale kamphasa kosaterera.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Kumukalipira Aníbal kunali kutaya nthawi, chifukwa akakalipiridwa ankangovala chipewa n'kumapita. Choncho Narcisa anamuitana ku chakudya cha Lamulungu masana. Anakazinga nkhumba mpaka khungu likhale lokhukhuta, anawiritsa chimanga choyera, anadula mapeyala ndi anyezi. Anamusiya adye mbale ziwiri, amasule lamba. Kenako anati:

"Achimwene, tabwerani mundithandize kanthu kena m'bafa."

Banjali linkakhala m'zipinda zapansi pa nyumba ya munthu wina, ndipo bafa lake anachita kulipanikiza pansi pa masitepe. Chitseko chinkatseguka theka n'kugunda sinki. Munthu akakhala pachimbudzi mawondo ankakhudza khoma. Aníbal, amene mimba inkamutsogolera kulikonse, analowa cham'mbali.

"Chavuta n'chiyani? Mpopi?"

"Ayi. Tagwani."

"Ati chiyani?"

"Tagwani. Alamu anu akuti anagwera muno mpaka kung'amba phewa. Ine ndayesa kuganiza, zikundikanika. Inu ndinu amisiri, mundionetse kuti anagwa bwanji."

Wilmer anali ataima kumbuyo kwa mkazi wake, akukanda pamutu ndi dzanja lolakwika.

"Narcisa, usandichititse zamasewera, ndine munthu wamkulu."

"Ndikudziwa. Tagwani, achimwene. Pansi mpouma, simuda."

Aníbal akanatha kutuluka. Koma ndi munthu amene sanagonjepo pa mkangano ndi mlongo wake, ndipo sankafuna kuyamba tsiku limenelo. Anati kugwa n'kosavuta, phazi limangopita chonchi, thupi n'kupita chonchi. Anatambasula mwendo, chidendene chinagunda khoma. Anayesa kugwera chammbali, sinki inamulandira. Anayesa chagada, anangopezeka wakhala pachimbudzi bwinobwino ngati mlendo. Ulendo wachinayi anadziponya ndi mtima wonse, n'kukanirira pakati pa sinki ndi khoma, mwendo umodzi m'mwamba, matako osafika pansi.

Narcisa anaseka mpaka kugwira chitseko. Wilmer naye anaseka, koyamba m'masabata atatu. Anatulutsa foni mkaziyo n'kujambula.

"Mayi Batista anati ndibweretse chithunzi cha bafa. Ichi chili ndi muyeso womwe."

"Fufuta chimenecho. Ndichotseni kuno."

"Muchoka. Koma mawa kuli kalata yopita kwa akapitawo, ndipo pakufunika dzina la munthu amene anaona."

Nkhope ya Aníbal inasintha, ngakhale anali chikaniriretu.

"Ukudziwa chimene ukupempha? Amuna makumi anayi adikira chaka chathunthu. A Tenesaca anayenda ndi ndodo miyezi iwiri osatsegula pakamwa. Ine chala ichi sichipinda, ndinati chitseko cha galimoto. Aliyense anapereka nsembe yake. Ndiye kutatsala masiku khumi, ine amene ndimasintha nambala ndikhale woononga? Adzandilavulira. Ndipo a Brendan akaona dzina langa, ntchito yatha."

"Ndiye jekete alamu anu adzaivala bwanji? Ndidzawaveka ndine?"

"Achira. Amandiuza okha m'mawa uliwonse kuti kukusintha. Si choncho alamu?"

"Kukusintha pang'onopang'ono," anatero Wilmer, chifukwa mwamuna wa pa saiti amayankha choncho ngakhale mutu uli m'manja. "Bwerani ndikudzutseni."

Anaiwala. Zaka makumi awiri akudzutsa anzake ndi dzanja lamanja, dzanjalo linapita lokha. Aníbal analigwira n'kukoka.

Mawu amene anatuluka m'kamwa mwa Wilmer sanali a munthu wamkulu. Anagwada pakhomo pa bafa, chipumi chili pa sinki, mkono ukulendewera ngati si wake, malovu akutsika osawamva. Narcisa anamugwira mutu n'kumuuza kuti apume, apume, monga ankachitira m'mawa uliwonse pomuveka malaya. Zinali zachizolowezi kwa iye. Kwa Aníbal zinali zatsopano, ndipo poti anali wokanirira, analibe kothawitsira maso. Nkhope ya mlamu wake inali pafupi ndi yake ngati ya munthu wonong'oneza.



"Alamu," anatero Aníbal potsiriza, mawu atatsika. "Mumandiuza kuti kukusintha."

"Inunso chala munkati chikusintha."

Amene anamutulutsa Aníbal anali Narcisa, pomukoka lamba. Aníbal anakakhala patebulo, anayang'ana mbale ya nkhumba imene inatsala, osaikhudza. Kenako anafunsa ngati m'nyumbamo muli cholembera.

Kalata Aníbal anakapereka yekha Lolemba m'mawa, m'manja mwa a Brendan, anthu akuona. Nkhumba sizinaotchedwe. Majekete, amene akuti anali atasokedwa kale mayina, palibe anawaona. Anzake sanamulavulire, anangosiya kumulankhula, ndipo tsiku lina anapeza chikwama chake cha chakudya chitakhomeredwa pathabwa ndi misomali isanu ndi umodzi, yokhomedwa mwaluso ndithu. Patatha masabata awiri anauzidwa kuti ntchito yachepa. Mayi Batista atamva anatikita m'manja n'kunena kuti umenewonso ndi mlandu, akhale pampando.

A inshulansi sanagonje msanga. Anakakamira pepala la bafa lija, ndipo nkhani inakafika kwa woweruza wa milandu ya antchito. Aníbal anavala tayi, anafotokoza za thabwa, za majombo, za mapatapata. Chithunzi chija chitaperekedwa, woweruza anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene chinafunikira, n'kupempha madzi akumwa. Anagamula kuti Wilmer anavulalira pa ntchito. Ndalama za sabata ndi sabata zinayamba kubwera, ndipo opaleshoni inachitika patatha miyezi inayi chigwereni.

Dokotala wa opaleshoniyo anali mayi wosadziwa kukometsa mawu. Anati wasoka zimene anapeza, koma mtsempha unali utafupika, ndipo ndowa zopepuka zija zinaonjezera kung'amba. Akanabwera sabata yoyamba bwenzi akulonjeza zambiri. Tsopano aone okha kuti mkono ufika pati.

Anawapatsa zochita. Wilmer aziima moyang'ana khoma, aziyendetsa zala kukwera m'mwamba pang'onopang'ono mpaka pamene ululu wamuletsa, katatu pa tsiku. Narcisa ankachoka m'mamawa kupita ku mabafa ake asanu ndi awiri, choncho woyang'anira anali Aníbal, amene tsopano nthawi anali nayo yambiri. Ankafika ndi mabanzi a chizi, n'kuima pambali ngati kapitawo.

"Kwerani alamu. Nkhono ikanafika kale. Pang'ononso. Musandinamize, ndikukuonani nkhope."

Pamene zala zafika, Aníbal ankalemba kamzere ndi pensulo yake ya ukalipentala, pakhoma loyera la pabalaza limene Narcisa anapenta yekha. Tsiku loyamba kuona timizereto Narcisa anapita kukatenga chinkhupule. Anaima nacho pamenepo madzi akudontha, kenako anakachibwezera.

Madzulo aliwonse akalowa m'nyumba, asanavule ndi nsapato zomwe, ankayamba wayang'ana khoma. Timizere tinachoka pa lamba n'kufika pachifuwa. Mwezi wotsatira tinafika paphewa, ndipo tsiku limenelo anagula keke. Kenako tinayamba kuyandikana, kamzere pamwamba pa kanzake, mpaka pensulo inkangodutsa pamalo amodzimodzi.

Loweruka lina Narcisa anaonerera yekha. Wilmer anayendetsa zala, thukuta lili kamukamu, mano atalumana, n'kuima pa msinkhu wa khutu lake. Aníbal anakweza pensulo, anayang'ana pamene panali pakuda kale, n'kuibwezera kukhutu osalemba.

"Mawa tidzapitirira," anatero.

"Kukusintha," anatero Wilmer.

Narcisa anawayang'ana onse awiri, amuna ake ndi achimwene ake, ataima moyang'ana khoma. Munthu womanga nyumba amagwira ntchito manja ali pamwamba pa mutu, ndipo onse atatu ankadziwa zimenezo.

"M'nyumba muno mabodza anatha," anatero mofatsa. "Bwerani mudye, tikambirane ntchito imene munthu angagwire manja ali pansi."